Zobisika m'Pulasitiki ndi Mmene Kutentha Kumaziululira

Paipi yotuwa imene amipope amakwirira pansi kuti ipititse madzi ndi yolimba zedi. Mukaiponda siifwaphika, ndipo mukaikakamiza kupinda imathyoka. Thumba limene achipatala amasungiramo magazi ndi lofewa, loonekera mkati, ndipo limapindika m'manja popanda kung'aluka. Komatu zinthu ziwirizi zimachokera ku pulasitiki imodzimodzi yotchedwa PVC. Ndi PVC yomweyo imene imakuta mawaya a magetsi, imene amapangira majombo a m'dzinja ndiponso timapaipi ta diripi. Kusiyana konseku sikuli mu PVC mwenimwenimo ayi, kuli mu zimene anathiramo poipanga.

Pulasitiki iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi polima: mamolekyu ataliatali opangidwa ndi kachidutswa kamodzi kobwerezedwa kambirimbiri, kolumikizana kukhala unyolo. Hermann Staudinger wa ku Germany ndiye anaumirira mfundoyi kuyambira mu 1920, anzake ambiri akumutsutsa, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1953. Mbali yachiwiri ndi mankhwala owonjezera. Alipo ofewetsa, ochedwetsa moto, oteteza ku dzuwa, oteteza ku okosijeni, opatsa mtundu, otereretsa kuti jumbo itseguke mosavuta, ndi ena ongodzazira kuti katundu atsike mtengo. Popanda mankhwalawa mapulasitiki ambiri sangapirire ngakhale kutentha kwa makina amene amawaumba. PVC yopanda choiteteza imayamba kuwonongeka isanasungunuke bwinobwino, ndipo polypropylene yopanda choiteteza ikakhalitsa padzuwa imafumbutuka.

Mankhwala ogwiritsidwa ntchito popanga mapulasitiki ndi ochuluka kuposa mmene ambiri tingaganizire. Ofufuza a ku ETH Zurich atawawerenga mu 2021 anapeza oposa 10,000, ndipo pafupifupi 2,400 mwa iwo anali odetsa nkhawa pa thanzi kapena pa chilengedwe. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, la mu 2023 linatchula oposa 13,000. Koma mukatembenuza chidebe kapena botolo n'kuyang'ana kunsi kwake, mupeza kanambala kamodzi kokha mkati mwa timivi titatu. Manambala amenewa, amene anayamba ku America mu 1988, amangotchula polima: 1 ndi PET ya mabotolo a zakumwa, 2 ndi 4 ndi mitundu iwiri ya polyethylene, 3 ndi PVC, 5 ndi polypropylene, 6 ndi polystyrene, ndipo 7 ndi zina zonse zotsala. Za mankhwala amene anathiramo, kanambalako sikanena kanthu, ndipo opanga ambiri amawatenga ngati chinsinsi cha malonda awo.

Chifukwa chofunira kudziwa

Mankhwala owonjezera ambiri salumikizana ndi unyolo wa polima. Amangokhala pakati pa maunyolo, choncho angathe kutuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'mafuta, m'madzi, m'fumbi la m'nyumba kapena m'malovu a mwana amene akutafuna chidole. Nkhani ya PVC yofewa ikusonyeza bwino zimenezi. Mu 1926 Waldo Semon, wa kampani ya B.F. Goodrich ku America, anapeza kuti PVC, imene panthawiyo inali yophweka kuthyoka ndi yosowa ntchito, imafewa ikasakanizidwa ndi mankhwala ena amadzimadzi osauluka msanga. M'zaka zotsatira, gulu la mankhwala lotchedwa phthalate ndilo linatenga malo pa ntchitoyi, makamaka ena otchedwa DEHP. M'thumba la magazi, DEHP amafika magawo 30 mpaka 40 pa 100 aliwonse a kulemera kwa thumbalo. Si kadontho ayi, ndi gawo lalikulu la chinthucho.

Mu 1970 Rudolph Jaeger ndi Robert Rubin a ku yunivesite ya Johns Hopkins anasonyeza kuti DEHP amatuluka m'mapulasitiki a kuchipatala n'kulowa m'magazi, ndipo amapezeka m'matupi a odwala amene anaikidwa magaziwo. Kafukufuku wa pa nyama anadzaonetsa kuti mankhwalawa amasokoneza kakulidwe ka ziwalo zoberekera za ana aamuna, ndipo lero bungwe la European Union limawaika m'gulu la mankhwala owononga mphamvu zobereka. Nkhaniyi ili ndi mbali ina yosayembekezeka: DEHP amene alowa m'magaziwo amathandiza maselo ofiira kuti asaphulike msanga pamene akusungidwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kuwachotsa m'matumba a magazi kwachedwera chonchi.

Pa zidole ndi zipangizo zamagetsi malamulo anafulumirako. European Union inaletsa ma phthalate ena mu 1999 m'zidole zofewa zimene ana osakwana zaka 3 amaika mkamwa, ndipo America inaika malire ake mu 2008. Lamulo la ku Ulaya lotchedwa RoHS, limene linayamba kugwira ntchito mu 2006 poletsa mtovu, mercury, cadmium ndi mankhwala ena ochedwetsa moto m'zipangizo zamagetsi, linawonjezera ma phthalate anayi kuyambira pa 22 Julayi 2019: DEHP, BBP, DBP ndi DIBP. Malire ake ndi 0.1 peresenti, kapena kuti mamiligiramu 1,000 pa kilogalamu. Lamulo lotere limafuna njira yoyezera, ndipo njirayo iyenera kukhala yachangu chifukwa wailesi imodzi yokha ili ndi tizipangizo tapulasitiki tambirimbiri.

Apa ndi pamene pali vuto. Makina abwino kwambiri ozindikirira mankhwala amafuna chinthu chimene chingasanduke nthunzi kapena kusungunuka m'mankhwala amadzimadzi. Polima sisanduka nthunzi, ndipo ina, monga labala wa matayala, sisungunuka n'komwe. Njira yakale ndi kudula pulasitiki tizidutswatizidutswa n'kuitsukuluza kwa maola ambiri ndi mankhwala osungunulira owira, m'chipangizo chagalasi chimene Franz von Soxhlet anatulukira mu 1879. Njirayi ndi yodalirika ndipo ikugwirabe ntchito, koma imadya tsiku, imadya mankhwala osungunulira, ndipo imasiya zinyalala zapoizoni zofunika kutaya mosamala.

Kutentha popanda moto

Munthu wowotcha makala amadziwa kuti nkhuni zikapsa poyera zimasanduka phulusa, koma zikakwiriridwa ndi dothi mu uvuni, mpweya n'kumalowa wochepa chabe, zimatulutsa utsi wochindikala ndi phula n'kutsala makala. Kutentha kwaphwanya mamolekyu a mtengo, koma okosijeni sanapeze mpata wowanyeketsa. Kuphwanya chinthu ndi kutentha popanda okosijeni koteroko asayansi amakutcha pyrolysis. Kusiyana kwake n'kwakuti wowotcha makala amafuna zotsala mu uvuni, utsi n'kuusiya upite, pamene wa mu labotale amafuna utsiwo, chifukwa ndi umene uli ndi yankho.

Nzeruyi ndi yakale kuposa mapulasitiki enieniwo. Mu 1860 Greville Williams wa ku England anatenthetsa labala wachilengedwe m'chiwiya chotseka, natolera timadzi touluka msanga timene anatitcha isoprene. Patapita zaka zambiri zinadzadziwika kuti isoprene ndiye kachidutswa kamene kamabwerezedwa mu unyolo wa labala. Chimene chinkasowa ndi njira yolekanitsira utsi wosakanikirana uja. Njirayo inabwera mu 1952, pamene Anthony James ndi Archer Martin a ku London anafalitsa za gas chromatography, ndipo pofika 1954 ofufuza ena a ku Britain anali atayamba kale kuigwiritsa ntchito pa utsi wa mapolima.

Makina a lero ndi zipangizo zitatu zolumikizana. Choyamba ndi kang'anjo. Katswiri amadula kachidutswa ka pulasitiki kolemera pafupifupi mamiligiramu 0.1, kosafika theka la milimita mbali zake zonse, n'kukaika m'kakapu kachitsulo. Mpweya wa helium umadutsa mosalekeza kuti uthamangitse okosijeni yense. Katenthetsedwe kake kalipo ka mitundu itatu. Makina ena ali ndi kawaya ka platinum kamene magetsi amakatenthetsa m'kanthawi kosakwana sekondi. Ena amadalira khalidwe lina la zitsulo zokokedwa ndi maginito: chitsulo chotere chikaikidwa pakati pa koyilo ya magetsi osinthasintha chimatentha mofulumira mpaka kufika pamlingo umene chimataya umaginito wake, ndipo pamenepo kutentha kumaima kokha. Kwa nickel mlingowo ndi madigiri 358 pa sikelo ya Celsius, kwa chitsulo chenicheni ndi 770, ndipo zitsulo zosakaniza zimapereka milingo ya pakati. Mtundu wachitatu, umene Shin Tsuge wa ku yunivesite ya Nagoya ku Japan anaulimbikitsa, ndi kang'anjo koimirira kotenthetseratu, kamene kakapu kaja kamangogweramo. Nthawi zambiri kutentha kumakhala madigiri 500 mpaka 700.

Kufulumira kumeneku n'kofunika kwambiri. Kachidutswa kakatentha mochedwa, kapena kakakhala kakakulu moti kunja kwapsa mkati musanatenthe, tizidutswa toyamba kutuluka timayamba kulumikizananso tokhatokha, ndipo zotsatira za lero sizifanana ndi za mawa.

Utsi uja umalowa m'chipangizo chachiwiri, kapaipi kopyapyala kokulungidwa, kotalika mamita 30 koma kabowo kake mamilimita 0.25 okha. Mkati mwake mwapakidwa mankhwala amene amagwira mamolekyu ena kwa nthawi yaitali kuposa ena. Kapaipiko kamatenthetsedwa pang'onopang'ono, ndipo mamolekyu ang'onoang'ono amatuluka msanga, akuluakulu n'kumabwera pambuyo, mtundu uliwonse pa nthawi yake. Potulukira pake pali chipangizo chachitatu, mass spectrometer, chimene chimalasa molekyu iliyonse ndi maelekitironi, kuiswa, n'kuyeza kulemera kwa tizidutswa take. Molekyu ya mtundu umodzi imasweka mofanana nthawi zonse, choncho kompyuta imayerekeza zimene yaona ndi zimene zinalembedwa kale. Nkhokwe ya bungwe la NIST ku America ili ndi mankhwala oposa 300,000 olembedwa motero. Chimene katswiri amaona pamapeto ndi galafu ya nsonga zambirimbiri, nsonga iliyonse ili ndi nthawi yake ndi dzina lake.

Polima iliyonse ili ndi kaswekedwe kakekake. PMMA, pulasitiki yoonekera ngati galasi ija, imabwerera pafupifupi yonse ku kachidutswa kake koyambirira, n'kupereka nsonga yaikulu imodzi. Polystyrene imapereka styrene, komanso tizidutswa ta styrene awiri ndi atatu olumikizana. Nayiloni 6 imapereka caprolactam. Labala wachilengedwe amapereka isoprene uja ndi dipentene. Polyethylene imaduka paliponse mwachisawawa, ndipo galafu yake imakhala mndandanda wautali wa nsonga zobwera zitatuzitatu. PVC imayamba yataya asidi wa hydrogen chloride pa madigiri pafupifupi 300, kenako zotsalazo zimapereka benzene, toluene ndi naphthalene. Pafupifupi 57 peresenti ya kulemera kwa PVC yosasakaniza ndi chlorine, ndipo n'chifukwa chake utsi wa anthu owotcha mawaya kuti apeze kopa umalasa m'maso ndi m'chifuwa. Poyera, pamene pali okosijeni ndi kopa, mumatulukanso mankhwala oopsa a dioxin. Buku limene Tsuge, Hajime Ohtani ndi Chuichi Watanabe anatulutsa mu 2011 lili ndi magalafu otere a mapolima 163.

Kutenthetsa kawiri

Tsono ngati cholinga chathu ndi mankhwala owonjezera, kuphwanya chilichonse nthawi imodzi pa madigiri 600 si nzeru kwenikweni. Mankhwala oteteza ku okosijeni amakhala mwina gawo limodzi lokha pa magawo 1,000 a pulasitiki. Nsonga yawo imamira pakati pa nsonga mazanamazana za polima, ndiponso kutentha koteroko kumawaphwanya iwonso mpaka osazindikirika. Luso lenileni la njirayi, mmene ine ndimaonera, lili pa mfundo yosavuta iyi: mankhwala owonjezera ndi mamolekyu ang'onoang'ono osamangirira, ndipo amauluka pa kutentha kumene unyolo wa polima usanayambe kuduka. Wodziwa kutenthetsa mwa mlingo angathe kuwatulutsa athunthu, polima n'kutsala m'kakapu.

Choncho katswiri akalandira pulasitiki yosadziwika amayamba ndi kuifufuza mwachidule. Amakweza kutentha pang'onopang'ono, madigiri 20 pa mphindi iliyonse, kuchokera pa 100 mpaka 700, ndipo utsi umapita ku mass spectrometer mwachindunji kudzera m'kapaipi kakafupi kosalekanitsa kanthu. Galafu yake imasonyeza kutentha kumene chinthu chilichonse chimatulukira. Pa PVC yofewa pamaoneka zigawo zitatu: mankhwala ofewetsa amayamba kutuluka cha m'madigiri 200, asidi uja amatsatira cha m'ma 300, ndipo zotsala za unyolo zimasweka kupitirira 400. Pa polypropylene pamaoneka kanthu kakang'ono koyambirira, kenako phiri limodzi lalikulu cha m'ma 450. Kufufuza kumeneku kumatenga theka la ola, ndipo kumauza katswiri pamene ayenera kudulira.

Akatero amatenga kachidutswa kena n'kukatenthetsa kawiri. Koyamba amafika pa madigiri pafupifupi 300 okha, n'kukweza kakapu kuchoka m'ng'anjo, zimene zatuluka n'kudutsa m'kapaipi kaatali kaja kuti zilekanitsidwe. Galafu yoyambayi ndi ya mankhwala owonjezera, otsala a mankhwala osungunulira, ndi tizidutswa toyambirira timene sitinalumikizane popanga polima. Kachiwiri kakapu komweko kamagwera m'ng'anjo ya madigiri 600, ndipo galafu yachiwiri ndi ya polima yokha. Kampani ya Frontier Laboratories ya ku Koriyama ku Japan, imene Watanabe anayambitsa mu 1991, ndi imene inatchukitsa makina ochita zimenezi. Kunena molondola, gawo loyambali si pyrolysis yeniyeni chifukwa palibe chimene chikuphwanyidwa, mankhwala akungouluka. Koma makina ndi amodzi omwewo, ndipo magawo awiriwa amayendera limodzi.

Ma phthalate ndi osavuta kuwagwira mwanjira imeneyi chifukwa pafupifupi onse akaswedwa mu mass spectrometer amasiya kachidutswa kolemera 149 pa muyezo wa kulemera kwa mamolekyu. Katswiri amangouza kompyuta kuti imuonetse nthawi zonse zimene 149 waonekera, ndipo nsonga zina zonse zimachoka pagalafu. Mu 2017 bungwe la IEC, loona za miyezo ya zipangizo zamagetsi, linavomereza njirayi m'chikalata cha IEC 62321-8. Kachidutswa ka theka la miligiramu kamatenthetsedwa kuchokera pa madigiri 200 mpaka 340. Zotsatira zikakhala pansi pa mamiligiramu 500 pa kilogalamu, katundu wapambana. Zikapitirira 1,500, walephera. Zikagwera pakati, katswiri amabwerera ku njira yakale yotsukuluza ija kuti atsimikize. Ndimalemekeza kapangidwe ka muyezo umenewu, chifukwa olemba ake anavomereza poyera kuti njira yachangu ili ndi malire, ndipo sanailole kugamula yokha pamene zinthu zili pafupi ndi mzere.

Komabe 149 yekha sangamalize mlandu. Opanga ambiri atasiya DEHP anatenga mankhwala ena otchedwa DEHT, amene malamulo aja sanawaletse. Awiriwa ali ndi maatomu ofanana ndendende, kaboni 24, haidirojeni 38 ndi okosijeni 4, ndipo onse amalemera 390. Amangosiyana malo amene nthambi ziwiri zalumikizira pa molekyu: pa DEHP zili moyandikana, pa DEHT zili moyang'anizana. DEHT nayenso amapereka 149 pang'ono. Chimene chimawalekanitsa ndi nthawi yotulukira m'kapaipi ndi kuchuluka kwa tizidutswa tina, ndipo katswiri wopupuluma angathe kubweza katundu wosalakwa kapena kuloleza wolakwa.

Mankhwala olemera

Si onse amene amauluka mosavuta chonchi. Irganox 1010, mankhwala oteteza ku okosijeni amene amapezeka kwambiri mu polyethylene ndi polypropylene, amalemera 1,178, ndipo anapangidwa dala kukhala aakulu kuti asamatuluke m'pulasitiki. Ubwino womwewo ndi umene umawalepheretsa kudutsa m'kapaipi. Yankho linachokera ku Perth ku Australia, kumene John Challinor, katswiri wofufuza umboni wa milandu, anafalitsa mu 1989 njira yodonthezera mankhwala otchedwa TMAH m'kakapu musanatenthetse. TMAH amadula molekyu pamfundo zodziwika, osati mwachisawawa, n'kutseka nsonga zodukazo kuti tizidutswa tiuluke bwino. Irganox 1010 amaduka n'kupereka nthambi zake zinayi zofanana, zimene zimaoneka ngati nsonga imodzi yomveka. Koma mnzake Irganox 1076 ali ndi nthambi yomweyo, choncho katswiri ayenera kuyang'ananso chidutswa chinacho kuti adziwe amene analipo.

Mankhwala ena, Irgafos 168, amanena zambiri kuposa dzina lawo. Ntchito yawo ndi kulandira okosijeni m'malo mwa polima pamene pulasitiki ikusungunulidwa, ndipo molekyu iliyonse imene yagwira ntchitoyo imalemera 16 kuposa poyamba. Pagalafu pamaoneka nsonga ziwiri, ya osagwiritsidwa ntchito ndi ya otha ntchito. Poziyerekeza, katswiri amadziwa ngati pulasitikiyo yatsala ndi chitetezo kapena yadutsa m'makina otentha kangapo. Paipi kapena thanki ikang'aluka nthawi yake isanakwane, ili ndi limodzi mwa mafunso oyamba kufunsidwa.

Mankhwala ochedwetsa moto okhala ndi bromine ali ndi chizindikiro chawochawo. Bromine wachilengedwe ali mitundu iwiri, wolemera 79 ndi wolemera 81, pafupifupi theka ndi theka, choncho molekyu iliyonse yokhala naye imaoneka ngati kagulu ka mizere yotalikirana ndi 2, ndipo kuchuluka kwa mizereyo kumanena chiwerengero cha maatomu a bromine. DecaBDE, amene ankathiridwa kwambiri m'mabokosi a ma TV akale, nthawi zina kupitirira 10 peresenti ya kulemera kwake, ali ndi maatomu a bromine 10 ndipo amalemera 959. Amafuna kapaipi kakafupi, chifukwa akakhalitsa pamalo otentha amataya bromine n'kuoneka ngati abale awo ang'onoang'ono. Pangano la Stockholm, limene Malawi ndi Zambia ali nawo, linaletsa mankhwala a bromine awa: pentaBDE ndi octaBDE mu 2009, HBCD mu 2013, ndi decaBDE mu 2017.

Kuletsa mankhwala sikuwachotsa m'katundu amene anagulitsidwa kale. Bokosi la TV yakale likagayidwa n'kusungunulidwanso, bromine uja amapita nawo m'chinthu chatsopano, ndipo ofufuza a m'mayiko angapo awapeza mankhwalawa m'zidole ndi m'ziwiya zakuda za kukhitchini, zinthu zimene sizinkafunikira kutetezedwa ku moto n'komwe. Wokonzanso pulasitiki nthawi zambiri sadziwa zimene zili m'mulu umene wagula, ndipo alibe womufunsa. Kukonzanso mapulasitiki ndi kwabwino ndipo tikukufuna, koma kopanda kuyeza kumabweza m'nyumba zimene malamulo anazitulutsa.

Kuchepa kwa kachidutswa kofunika kwachititsanso kuti njirayi ikondedwe kumalo ena awiri. Apolisi amaigwiritsa ntchito pa kachidutswa ka penti kotsala pa zovala za munthu wogundidwa ndi galimoto yothawa. Osunga zinthu zakale m'mamyuziyamu amaigwiritsa ntchito kuti adziwe ngati chosema chapulasitiki kapena filimu yakale ikutaya mankhwala ake ofewetsa, monga camphor kapena phthalate, popeza sangalole kudula chidutswa chooneka.

Zimene kutentha sikuona

Chilichonse chosauluka chimatsala m'kakapu. Calcium carbonate wodzazira, titanium dioxide woyeretsa, kaboni wakuda wa m'matayala, antimony trioxide amene amayenda limodzi ndi bromine, ndiponso mtovu ndi cadmium zimene kale zinkateteza PVC, zonsezi sizioneka pagalafu. Zimafuna makina ena, monga XRF, amene amawalitsa cheza cha X-ray n'kutchula maelementi amene alimo. Ma labotale ambiri amayamba ndi XRF, ndipo akaona bromine ndi pamene amayatsa kang'anjo kuti adziwe mtundu wake.

Kachidutswa kakang'ono kajanso kali ndi kuipa kwake. Ngati mankhwala sanasakanikirane bwino, theka la miligiramu lodulidwa pakona silingaimire chidebe chonse, ndipo pamafunika kudula malo angapo kapena kugaya pulasitikiyo itaumitsidwa ndi kuzizira. Ma phthalate ali paliponse, m'fumbi, m'magolovesi ena, pansi pa labotale penipenipo, choncho kakapu kopanda kanthu kayenera kuyezedwa kawirikawiri. Asidi wa PVC amawononga kapaipi ndipo angasinthe mankhwala ena pamene akutuluka.

Vuto lina laonekera posachedwapa. Mu 2022 ofufuza a ku Vrije Universiteit Amsterdam, pogwiritsa ntchito njira yomweyi, analengeza kuti apeza pulasitiki m'magazi a anthu 17 mwa 22. Koma mafuta a m'thupi nawonso ndi maunyolo a kaboni ndi haidirojeni, ndipo akaphwanyidwa ndi kutentha amapereka tizidutswa tofanana ndi ta polyethylene. Ofufuza a ku yunivesite ya Queensland anachenjeza mu 2025 kuti pa polyethylene ndi PVC za m'magazi, njirayi singadaliridwe panopa. Makina amatchula tizidutswa molondola; amene amanena kumene tachokera ndi munthu, ndipo ndi pamenepo pamene pamafunika kudekha.

Malire aakulu koposa ndi akuti kompyuta imatchula dzina la chinthu chokhacho chimene wina anachilemba kale m'nkhokwe. Kwa zaka zambiri nsomba za coho salmon zinkafa m'mitsinje ya kufupi ndi Seattle mvula ikagwa, zisanaikire mazira. Zizindikiro zinkaloza ku madzi otsuka misewu, kenako ku fumbi la matayala, limene pyrolysis imalizindikira bwino m'dothi ndi m'matope chifukwa cha tizidutswa ta labala. Koma m'madzi onyikamo fumbilo munali mankhwala oposa 2,000, ndipo gulu la Edward Kolodziej la ku yunivesite ya Washington linachita kuwalekanitsa gawo ndi gawo, pogwiritsa ntchito makina ena oyezera zinthu zamadzimadzi, mpaka kutsala ndi molekyu imodzi ya kaboni 18, haidirojeni 22, nayitirojeni 2 ndi okosijeni 2. Molekyuyo sinali pa mndandanda uliwonse wa mankhwala a m'matayala. Zhenyu Tian ndiye anazindikira kuti kaboni ndi nayitirojeni wake akufanana ndi wa 6PPD, mankhwala amene amathiridwa m'matayala kuti ozone asawang'ambe. Pogwira ntchito yake yomweyo, 6PPD amasanduka chinthu chatsopano, 6PPD-quinone, chimene chimapha nsombazi ngakhale chitachepera microgram imodzi pa lita. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya Science mu Disembala 2020.

Nkhaniyi imandilimbikitsa pa maganizo akuti opanga katundu azikakamizidwa kulemba mankhwala amene athira. Gulu la Kolodziej linafika pa yankho chifukwa 6PPD anali mankhwala odziwika kuti ali m'matayala. Akanakhala achinsinsi, panalibe chofananitsira. Labotale yodziwa zimene inayenera kupeza imayeza msanga ndi motchipa, ndipo imathanso kufunafuna zimene mankhwalawo amasanduka akakumana ndi dzuwa, mpweya kapena kutentha. Mayiko amene amagula pulasitiki yambiri kunja koma alibe makina oterewa okwanira ndi amene angapindule koposa ndi chikalata choyenda ndi katundu. Ku California, kuyambira mu Okutobala 2023, boma linaika matayala okhala ndi 6PPD pa mndandanda wa katundu wofunika kuunikidwa, ndipo makampani ogulitsa matayala kumeneko analamulidwa kufufuza ndi kupereka lipoti la mankhwala ena amene angalowe m'malo mwake.